Ngati simufuna tigwire, chotsani pathebulo

Ndakwiya ndipo ndiyankhula. Loweruka tinapita kukacheza kunyumba ina ku Kalongwezi kuno ku Chipata, ine ndi mwana wa mlongo wanga. Pabalaza poyera bwino, mipando yawofuwofu, pakati kathebulo kagalasi, pamwamba pake atayalapo tizitsulo tonyezimira tokolekanakolekana, ma puzzle achitsulo aja anthu ayamba kugula masiku ano. Mwana uja anangotambasula dzanja kuti atole kamodzi. Amayi apanyumbapo kukuwa kwake ngati mwana wagwira khala lamoto: "Iwe, siya! Zimenezo n'zokongoletsera, si zoseweretsa!" Mwana anabweza dzanja, n'kukhala duu mpaka tinatsanzika.

Si zoseweretsa? Nanga n'chiyani? Tandiuzani anthuni, n'chiyani?

Chinthucho anachipanga kuti chigwiridwe. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Munthu achitole, achitembenuze, achipotoze uku ndi uku, atope, achiike pansi, achitolenso, mpaka zitsulo ziwirizo zilekane popanda kukoka mwamphamvu. Akatero ayambe kulimbana nazo kuti azibwezere mwakale, ndipo kawirikawiri pamenepo ndi pomwe pali thukuta lenileni. Tsono inu mwagula, mwapukuta, mwayala pathebulo, kenaka mwakhala pambali kulondera kuti wina asakhudze. Ndalama mwaitaya, amayi. Bola mukanagula maluwa apulasitiki, amene aja ngakhale mwana sawasirira.

Ena a inu simudziwa n'komwe chimene muli nacho m'nyumba. Tina mwa tizitsuloti timachokera ku kampani ya ku Japan yotchedwa Hanayama, ndipo pabokosi amalembapo kuvuta kwake, kuyambira 1 mpaka 6. Nambala imeneyo analembera munthu woti ayese nzeru zake. Sanalembere fumbi. Palinso kaja kakalekale ka ku China, mphete 9 zokolekedwa pa kachitsulo kakatali, koti uchotse zonse pamafunika kusuntha ka 341, ukapanda kusokoneza. Anthu akhala akulimbana nako kwa zaka mazanamazana, lero kafika ku Chipata kudzagona pa kansalu koluka, osakhudzidwa. Ngakhale kophweka kaja, misomali iwiri yopindidwa mofanana n'kukolekana, kamatha kumukhazika chete bambo wamkulu mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana adekha bwanji mukumulanda chomuphunzitsa kudekhako?

Ndipo musandiuze kuti ana amaononga. Ndi chitsulo! Chitsulo chiphwanyika m'manja mwa mwana wa giredi 3? Ana omwewa amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero, matayala ake zitsekerero za mabotolo, n'kuiyendetsa kuchoka ku Mchini mpaka ku Kapata. Manja amenewo ndi omwe mukuwaopa? Ife tinakula tikukumba timaenje pansi pa mtengo wa mango n'kumasewera nsolo ndi timiyala. Palibe anatiuzapo kuti timiyala n'tokongoletsera.

Chinanso, ngati mukuopa kuti galasi likalika, vuto ndi lanu, si la mlendo. Munaika bwanji chitsulo pagalasi? Ikani m'kambale kamtengo, kapena m'kadengu kakang'ono, zimene zadzaza pa Saturday Market. Ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, inde, tating'onoting'ono toti angameze chotsani, ikani pamwamba, pamenepo sinditsutsa. Pogula sankhani kolemera bwino m'manja, kopanda nsonga zobaya, kosachedwa kuchita dzimbiri nthawi ya dzinja. Ndipo musatenge kovutitsitsa kokha pofuna kuopseza alendo. Sakanizani, pakhale kena koti agogo akabwera kuchokera ku Katete angathe kumasula, aseke, anyadire. Koma zonsezi n'zoti anthu agwire. Kugwira! Pathebulo lapakati ndi pamene manja a aliyense amafika. Chimene simufuna chikhudzidwe malo ake ndi m'sutikesi pansi pa bedi.

Vuto ndi zithunzi za pa Facebook izi, aliyense akufuna pabalaza pake paoneke ngati pa hotela.

Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti nditafunsa mwaulemu kuti, "Kodi amayi, inuyo munayamba mwamasulapo kamodzi?" anandiyang'ana modabwa. Sankadziwa n'komwe kuti zimamasuka. Amaganiza kuti zinawotcheredwa choncho. Miyezi yonseyi akupukuta m'mawa uliwonse chinthu chimene sadziwa ntchito yake, n'kumakalipira mwana amene wangoona kamodzi n'kuzindikira kuti apa pali masewera. Wanzeru ndani pamenepa? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo matendawa sanayambire pa tizitsulo ayi. Lowani m'nyumba zambiri muno, mupeza kabati yagalasi yodzaza mbale zadothi zamaluwamaluwa, makapu a mizere yagolide, matambula osanjikizana, mphatso za pa kitchen party zaka khumi zapitazo. Palibe anadyerapo. Palibe adzadyerepo. Mlendo ukafika akupatsa madzi m'kapu yapulasitiki yotafunidwa m'mphepete, makapu abwino akukuyang'ana kuseri kwa galasi. Akuti akusungira alendo olemekezeka. Ndiye ife amene tabwera ndi nkhuku m'manja ndife ayani? Mipando nayonso ena sachotsa pulasitiki yogulira, ukhalepo mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Chipata likuswa mtengo, podzuka thalauza lanyowa ngati wadzikodzera. Thaulo labwino lapachikidwa kubafa, koma ukapukutira manja nkhope za eni nyumba zisintha. Mukusungira ndani zonsezi? Tsiku la maliro anu azibale adzagawana, ndipo makapu aja adzamwera thobwa kumunda.