Musamati ndi ulesi, mlonda aphunzire nthawi yanji?

Pali mawu amandinyansa ndikawamva kwa anthu a m'maofesi, akuti osauka safuna kuphunzira, mwayi ulipo koma amauthawa okha. Aaa inu, mwayi wake uti?

Ine ndinagwirapo ulonda wausiku ndipo ndinalembetsa makalasi a akuluakulu amadzulo aja. Kalasi imayamba 5 koloko pomwe ine 6 koloko ndimafunika ndili pageti. Nditapempha kuti tisinthane shifiti ndi mnzanga, abwana anangoti ngati wafuna sukulu siya ntchito, ofuna malowa ngambiri panjapa. Ndinapitako masiku owerengeka basi kenako dzina langa linangotsala m'kaundula, ndiye lero wina akatsegula kaundula uja akuti uyu analibe chidwi.

Nkhani yonse yagona pa nthawi. Wa muofesi akapita kokaphunzira malipiro ake sadulidwa, mwinanso alawansi pamwamba. Koma waganyu, wogulitsa malonda mumsewu, mayi wogwira ntchito m'nyumba mwa ena, ola lililonse wakhala pabenchi ndi ola lomwe m'thumba simunalowe kanthu, ndiye kalasi mumaiti yaulere ija kwa iye siyaulere ayi, akulipira ndi tsiku lake, kuphatikizapo thiransipoti yopita ndi pobwera mdima utagwa kale. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linati anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 pa 100 alionse ogwira ntchito padziko lonse, ali pantchito zosalembedwa. Opanda kontrakiti awa tchuthi chophunzirira akachipempha kwa ndani?

Chifukwatu zoti wantchito azipatsidwa tchuthi cholipidwa kuti akaphunzire zinalembedwa kalekale, mgwirizano nambala 140 wa ILO, chaka chake 1974. Zaka 50 zadutsa koma mayiko omwe anauvomereza safika ngakhale 40. Ndipo makampani akafuna kutumiza munthu ku kozi amasankha uja ali ndi digiri kale, wosesa ndi wotsuka zimbudzi palibe amamukumbuka, iye ntchito yake ndi kukonza chipinda chophunziriramo anzakewo.

Za amayi ndiye musanene. Akaweruka kwa abwana ntchito ina ikumudikira pakhomo, ana, odwala, zochapa. ILO yomweyo inapeza kuti magawo atatu mwa anayi a ntchito yosamalira anthu yosalipidwa amagwira ndi amayi, ndiye muzidabwa kuti mwa akuluakulu oposa 700 miliyoni osadziwa kulemba ndi kuwerenga, awiri mwa atatu alionse ndi akazi, malinga ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro? Kalasi yopanda posiya mwana mwamubweza mayi asananyamuke.

China chomwe okonza mapulogalamu sachiona ndi manyazi, ndipo ichi chimapweteka kuposa ndalama. Bambo wa zaka 45, ana ake ali kusekondale, mumukhazika pa kadesiki, mphunzitsi msinkhu wa mwana wake, buku lake lazithunzi za tiana. Munthuyu sukulu sanaisiye akuseka, anachokako atatchedwa mbuli pamaso pa anzake ndipo bala lija silinapole, akalakwitsa liwu limodzi ena n'kuseka mawa simumuonanso. Chondipsetsa mtima kwambiri n'choti mwina ndi makaniko yemwe wagwira ntchitoyi zaka 20, injini amaidziwa pongoimva kulira, koma poti alibe satifiketi akuti ayambire pansi ngati sadziwa kanthu. Bwanji osamuyesa pa zomwe amadziwa kalezo, mumpatse pepala lake, aphunzire zotsalazo basi?

Ena akuti masiku ano zonse zili pa intaneti, angophunzira pafoni. Bandulo agula ndani? Ndipo kumuuza munthu yemwe akufuna kuphunzira kuwerenga kuti adzaze kaye fomu pa intaneti, zimenezo ndi nthabwala eti.

Mu 2022 mayiko anakumana ku Marrakech, m'dziko la Morocco, pamsonkhano wa UNESCO wa maphunziro a akuluakulu, anagwirizana zokoma zedi, sindikutsutsa. Kungoti ndandanda yamakalasi imalembedwabe ndi anthu oweruka masana dzuwa likadalipo, ndipo sindinaone mmodzi atabwera pageti kudzafunsa kuti kodi inu mumapuma nthawi yanji. Ine zomwe ndinkafuna sizinali zambiri, kalasi ya 9 koloko m'mawa nditaweruka, tulo ndikanakagona masana. Sinapezeke.