Mowa ukatha mpira ukuwononga thukuta lanu

Osewera ndi makochi, maganizo anga ndi awa: chomwe munthu amamwa akangotuluka m'bwalo chili ndi mphamvu yofanana ndi mafizo omwe wachita.

Mowa umalepheretsa thupi kutulutsa homoni yomwe imauza impso kuti zisunge madzi. Munthu wataya kale madzi ndi thukuta, ndiye akuwonjezeranso kukodza pafupipafupi. Kutaya madzi okwana 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, omwe ndi makilogalamu 1.4 kwa munthu wa makilogalamu 70, n'kokwanira kuti uyambe kutopa msanga.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya minofu. Pochita masewera minofu imang'ambikang'ambika pang'ono, ndipo imakula pamene thupi likuikonza ukamapuma. Kafukufuku wa mu 2014 ku Australia adapeza kuti mwa amuna omwe adamwa mowa wambiri atatha masewera, ntchito yomanga minofu idatsika ndi 24 peresenti ngakhale adalandira mapulotini, ndipo ndi 37 peresenti pomwe sadalandire. Tulo nato timasokonekera: mowa umagonetsa msanga, koma cham'bandakucha umangodzidzimukadzidzimuka. Ngati bondo kapena kakolo watupa, musayerekeze n'komwe kumwa mowa kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa mowa umatanula mitsempha ya magazi ndipo kutupa kumakula. Zoti khofi, madzi ozizira kapena kuthamanga zimachotsa mowa m'thupi n'zabodza. Ntchito imeneyo ndi ya chiwindi, ndipo chimaigwira pa liwiro lake.

Zakumwa zoziziritsa kukhosi nazo sizosalakwa. Chitini cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, masupuni a tiyi ngati 9. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti shuga wotere asafike 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amadya patsiku, pafupifupi magalamu 50 kwa wamkulu, ndipo bwino koposa ndi magalamu 25. Juwisi wa zipatso amawerengedwanso momwemo. Kumwa tsiku ndi tsiku kumaola mano, kumanenepetsa, kumakokera ku matenda a shuga.

Shuga ali ndi malo ake, inde. Masewera olimba opitirira ola limodzi amafuna magalamu 30 mpaka 60 pa ola, m'chakumwa cha shuga 6 mpaka 8 peresenti chokhala ndi kamchere. Zoziziritsa kukhosi zimadutsa 10 peresenti, choncho zimachedwa kutuluka m'mimba, ndipo mpweya wake umakutupitsa ukuthamanga. Masewera osakwana ola, madzi okha akwanira.

Dzipimeni pa sikelo musanayambe komanso mukamaliza. Pa kilogalamu iliyonse yomwe yatsika, imwani madzi lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono m'maola otsatira, ndipo idyani chakudya chenicheni chokhala ndi mapulotini magalamu 20 mpaka 25 ndi mchere pang'ono.