Paipi ya mafuta ndi eni nthaka: Canada ndi America safunsa mofanana

Canada ndi America ndi mayiko oyandikana, ndipo mitundu ina ya eni nthaka, monga a Mohawk ndi a Blackfoot, ili mbali zonse ziwiri za malire. Konseko kuli lamulo loti ntchito yaikulu ngati mgodi kapena paipi ya mafuta isanayambe, pachitike kafukufuku woona momwe ikhudzire madzi, nyama, manda ndi moyo wa anthu. Koma cholinga cha kafukufukuyo sichimodzi.

Ku America lamulo lake ndi NEPA, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1970. Limauza boma kuti liunike mozama lisanapereke chilolezo, koma sililiuza kuti likapeza zoipa likane. Bola laona, lalemba, basi.

Nkhani ya a Sioux a ku Standing Rock ikusonyeza bwino kufooka kumeneku. Paipi ya Dakota Access inadutsa pansi pa nyanja ya Oahe, pa mtsinje wa Missouri, pafupifupi kilomita imodzi kuchokera m'malire a dera lawo, kumtunda kwa madzi amene amamwa. Njira ina yomwe inaganiziridwa poyamba inali kumpoto kwa mzinda wa Bismarck, koma inasiyidwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kuteteza madzi a anthu amumzindamo. Nthambi ya boma ya Army Corps of Engineers inachita kafukufuku wachidule m'malo mwa kafukufuku wamkulu wozama. Nthambi yomweyi, tisaiwale, ndi imene inamanga damu la Oahe lomwe linamiza minda ndi nkhalango za anthuwa kalelo. Anthu zikwizikwi anamanga misasa mu 2016 potsutsa, koma mafuta anayamba kuyenda mu 2017. Mu 2020 woweruza James Boasberg analamula kuti kafukufuku wamkulu achitike, mafuta ali mkati moyenda. Kumeneko ndi kukapempha malo kwa amfumu nyumba utafolera kale.

Canada ili ndi mbiri ina. Kuyambira 1974 mpaka 1977, woweruza Thomas Berger anafufuza za paipi ya gasi yomwe inkafuna kudutsa m'chigwa cha Mackenzie. Sanakhale m'ofesi kudikira akatswiri okha. Anayenda m'midzi 35, n'kukhala pansi m'maholo ndi m'matenti, alenje ndi agogo a Dene, Inuvialuit ndi Métis akulankhula m'zilankhulo zawo, omasulira ali pambali, wayilesi ikuulutsa. Anthu anafotokoza kumene nyama za caribou zimaswera ndi zimene zingachitike m'mudzi antchito achilendo akachulukamo. Berger analangiza kuti kumpoto kwa Yukon paipi isadutseko, ndipo m'chigwamo ntchito iime zaka 10 mpaka nkhani ya umwini wa malo itakambidwa. Paipiyo sinamangidwe.

Apa ndi pamene ndikuona kusiyana kwenikweni. Ku Canada kafukufuku amatsamira pa ufulu wa eni nthaka womwe uli m'gawo 35 la malamulo aakulu a dziko a 1982, ndipo mu 2004, pa mlandu wa a Haida, khoti lalikulu linanena kuti boma liyenera kukambirana nawo ngakhale umwini wawo usanatsimikizidwe m'khoti. Lamulo la kafukufuku la 2019 limatinso nzeru za makolo ziwerengedwe pamodzi ndi za asayansi.

Komatu tisaitame Canada mopitirira. Mu 2018 khoti la apilo linathetsa chilolezo chokulitsa paipi ya Trans Mountain, ponena kuti akuluakulu a boma ankangolemba madandaulo a anthu osawayankha, komanso kuti kafukufuku ananyalanyaza sitima zonyamula mafuta ndi anangumi a orca. Boma, lomwe linagula paipiyo chaka chomwecho pamtengo wa madola a ku Canada 4.5 biliyoni, linakambirana nawo kachiwiri, linavomerezanso mu 2019, ndipo mu 2024 paipi inatsegulidwa. Eni nthaka a Tsleil-Waututh, omwe anachita kafukufuku wawowawo mu 2015 n'kukana, akuziona sitimazo zikudutsa pakhomo pawo. Mwini ntchito akakhala yemweyo wopereka chilolezo, kufunsidwa sikutanthauza kumvedwa.

Chimene chimandipatsa chidwi kwambiri ndi zimene anachita eni nthaka a Squamish m'chigawo cha British Columbia ku Canada. Kampani ya Woodfibre LNG itafuna kumanga fakitale ya gasi m'dera lawo, iwo sanadikire kuitanidwa kumsonkhano wa boma. Anachita kafukufuku wawo, ndipo mu 2015 anaika mfundo 25 zoti zitsatidwe. Imodzi inali yokhudza kuziziritsa makina ndi madzi a m'nyanja, poopa kuononga nsomba za herring zomwe zimaswera pafupi. Kampani inasintha mapulani n'kuvomera kuziziritsa ndi mpweya, isanayambe kumanga.