Anyamata a magalimoto aliwiro, matayala mwavekawo ndi otani?

Loweruka lapitali, mvula itangoyamba kuwaza, Subaru ina yabuluu inandipitirira mu Chipembere Highway ikubangula. Nditafika cha ku Chichiri ndinaipeza itatembenuka, ikuyang'ana komwe imachokera, mbali imodzi ili m'ngalande. Mayi wina wosenza dengu la nthochi anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mwini galimoto, mnyamata wooneka wophunzira ndithu, anali kalikiliki kufotokozera anthu kuti, "Msewu ukuterera, madala." Ine ndinangoyang'ana pansi. Matayala anayi, mayina anayi. Limodzi lakutsogolo linali ndi kachizindikiro ka phiri ndi chipale chofewa, kutanthauza kuti ndi la nyengo yachisanu ngati ya ku Japan. Mu Blantyre muno munagwapo chipale liti?

Ana inu, mwatani kodi?

Palibe amene akukukakamizani kugula Michelin, Pirelli kapena Bridgestone chifukwa choti galimoto inabwera nawo. Mtengo wake tonse tikuudziwa, ndipo kwacha yathuyi sikutithandiza. Kusintha kampani si mlandu. Hankook alipo, Kumho alipo, Falken, Toyo ndi Yokohama aliponso, ndipo ambiri mwa iwo amagwira msewu bwinobwino. Koma inu simusankha kampani ina ayi. Mumangofika pamulu wa matayala a kaunjika ku Limbe kapena ku Ndirande, kuliguguda ndi chala, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Lotchipa ndi liti?"

Ndalama ya marimu onyezimira munaipeza. Ya masipika ogwedeza mawindo a anthu ku Namiwawa usiku munaipeza. Ekizozi munaiboola dala kuti Ginnery Corner yonse idziwe kuti mwadutsa. Zafika pa mphira, chinthu chokhacho chimene chimakhudza phula, mwayamba kulira umphawi? Munthu n'kutchena suti yodula, phazi lina nsapato, lina patapata?

Zolemba za m'mbali mwa tayala zija mumayesa ndi zokongoletsa? Pakalembedwa 225/45 R17 94W, 94 akutanthauza kuti tayalalo limasenza makilogalamu 670, ndipo W akuti linapangidwa kupirira mpaka makilomita 270 pa ola. V ndi 240, H ndi 210, T ndi 190. Galimoto ikufuna W, inu mwaiveka T chifukwa ogulitsa anati "bola saizi yalowa, bwana." Ndikudziwa muyankha kuti simufika liwiro limenelo. Chabwino. Nanga kutentha kwa msewu wa Zalewa mu Okutobala masana, inu mukuthamangira ku Lilongwe, tayala lofookalo likupirira bwanji? Likaphulika cha ku Lirangwe mudzati ndi ufiti wa achibale?

Pali manambala anayi omalizira pa mzere wolembedwa DOT. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Opanga matayala okha amanena kuti likakwana zaka 10 lichotsedwe, ngakhale likuoneka latsopano. Inu mumangoona kuti lapakidwa polishi n'kuda bii, basi mwapereka ndalama. Ming'alu ya m'mbali simuiona? Chotupa chija chinabwera mutagunda dzenje, mukudikira kuti chiphwe chokha?

Za a Subaru ndiye zimandinyansa kwambiri, poti iwo ndi amene amadzitama kuti galimoto yawo imakoka ndi mawilo onse anayi. Galimoto yotero imafuna matayala anayi ofanana: kampani imodzi, saizi imodzi, ndipo akhale otha mofanana. Mukasakaniza, difu, chida chogawa mphamvu ya injini ku mawilo, imavutika mpaka kuwonongeka, ndipo ndalama munkaumira zija mukazisiya kwa makaniko kuphatikiza ndi zina. A BMW nawonso: galimoto inabwera ndi matayala a run-flat, aja amayendabe pang'ono akaphwa, n'chifukwa chake m'buti mulibe sipeya. Inu mwaveka wamba, sipeya osagula, jeke mulibe. Ndiye muziimbira anthu foni pakati pa usiku muli mumsewu wa Midima?

Ena ndawaona tayala lili ndi muvi wosonyeza komwe liyenera kuzungulira, iwo aliveka chobwerera. Ena polembedwa Outside aloza mkati. Ena mizere yatha, kuya kwake sikukwananso mamilimita 1.6 omwe ndi malire a kutha kwa tayala, waya akuonekera, koma akapita nalo kwa mnyamata wa mpeni wamoto kuti alijambulenso mizere. Kujambula mizere! Mpweya ndiye sayeza n'komwe, amangomenya ndi phazi, chonsecho sitika yonena mulingo wake ili pachitseko cha dalaivala pomwepo.

Mukamatsika mapiri a ku Thabwa kupita ku Chikwawa, makona aja, mvula ili pansi, mabuleki anu agwira ndi chiyani? Mukanakhala kuti mumafa nokha tikanangokhala chete. Koma mumatenga wakabaza, mumatenga mwana wasukulu, mumatenganso ana a eni ake amene mwawakweza kuti akaone mmene galimoto yanu imathamangira. Ife ndiye tizikazonda ku Queens ndi kusonkha za bokosi.

Ngati ndalama ya matayala anayi ofanana mulibe, imikani galimotoyo pakhomo. Minibasi za ku Limbe sizinathe.