Ma drone ndawavomera, galimoto za magetsi zidikire kaye

Anzanga a kuno ku Mangochi, ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ikumveka yoti tizigwiritsa ntchito ma drone (tindege touluka popanda munthu m'kati) ndi galimoto zoyendera magetsi pa nthawi ya madzi osefukira.

Drone ine ndilibe nayo mlandu. Mu 2024 nyanja itakwera, madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu a m'mphepete mwa nyanja, ndipo aliyense ankangodziwa za pakhomo pake. Kandege kaja kakakwera m'mwamba, m'kanthawi kochepa kamajambula mudzi wonse: nyumba zagwa zingati, kamlatho kati kakokoloka, anthu athawira pa sukulu iti. Malawi sitikuyamba lero zimenezi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata kuuluza ndi kukonza tindege timeneti inatsegulidwa ku Lilongwe. Funso langa ndi lakuti ana a kwa Makanjira, a ku Namwera ndi a ku Malindi alowa liti m'kalasi imeneyo? Mwana wa konkuno amadziwa dambo lililonse, amadziwa komwe mtsinje umadzera ukakwiya, ndipo akhoza kufotokozera agogo m'Chiyao zomwe chithunzi chikuonetsa. Wochokera ku likulu amafika madzi ataphwa kale.

Tisaiwalenso kuti ka drone kamene kali m'manja mwa anthu ambiri kamauluka pafupifupi theka la ola, batire n'kutha, ndipo mvula yamphepo sikaifuna.

Za galimoto ya magetsi ndiye ndikukayika ndithu. Mphepo yamkuntho yotchedwa Ana mu January 2022 inawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mu mdima wosinthana kwa miyezi yambiri. Tsoka likagwa, magetsi ndi omwe amayamba kuthawa. Ndiye galimotoyo tikaichajira pati? Onjezerani msewu wa kwa Makanjira nthawi ya dzinja, pomwe ngakhale lole imagona m'matope. Inde, ndikudziwa, mafuta nawonso amasowa, ndagonapo pa mzere ine, koma chigubu cha petulo chimakwera pa kabaza, pomwe batire la galimoto silikwera.

Ndalama zomwe zingagulire galimoto zimenezi ndikanakonda zigule ma sola ndi mabatire pa zipatala zazing'ono ndi masukulu omwe ali pamtunda. Pamenepo pachajidwe mabatire a drone, mafoni a mafumu ndi a komiti za ngozi, mwinanso njinga zamoto za magetsi, zomwe anyamata awiri akhoza kuzinyamula podutsa pa khwawa. Ndipo pagombe pakhale boti la injini lodikira, chifukwa drone ikaona mayi ali padenga ndi mwana kumbuyo, womutsitsa ndi msodzi wa pa Malombe.