Kuno ku Edinburgh n'chimodzimodzi

Nkhani yanu yokamba za tauni yolandira agalu, chipale chofewa ndi yoga yandifika pamtima, makamaka pomwe mwanena kuti tauni yotereyi imachititsa anthu kuyankhulana. Kuno ku Edinburgh, ku Scotland, n'zoonadi. Munthu amene sangakupatseni moni m'basi amaima pa paki ya Meadows n'kuyamba kufunsa dzina la galu wanu, zaka zake, ngakhale chakudya chimene amakonda. Malo ambiri omwera khofi amaika mbale ya madzi pakhomo, ndipo m'sitima galu amakwera ulere bola akhale pachingwe. Koma ufuluwu uli ndi malamulo ake: kuyambira 2016 galu aliyense ayenera kuikidwa microchip (kachipangizo kakang'ono komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu), ndipo akadzithandiza panjira mwini wake ndiye amatola.

Pa za bata limene chipale chofewa chimabweretsa mwalasa. Chikangogwa kumene, timipata ta mpweya tomwe tili mkati mwake timameza phokoso, n'chifukwa chake msewu wonse umangoti zii. Yoga, masewera aja owongola thupi ndi kukhazika mtima pansi, nayo ndimaikhulupirira, makamaka kupuma pang'onopang'ono kuja, mtima umakhaladi m'malo.

Chomwe simunatchule ndi mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira. Umawotcha mapazi a agalu, ndipo akaunyambita amadwala m'mimba. Chonde, muziwatsuka mapaziwo ndi madzi ofunda mukangofika kunyumba.