Nyimbo yachikondi ayiphera pa lipenga

Usiku wathawu ndinamvetsera oyimba awiri a jazz, wina woliza lipenga ndi wina wa piyano, akuyimba My Funny Valentine, ndipo mpaka pano mtima wanga sunaphwe. Ndinadikira mphindi 8 zathunthu kuti chuni cha nyimboyo chimveke, koma chimene ndinamva ndi lipenga likukwera ndi kutsika mwaliwiro ngati munthu amene njuchi zamukwiyira. Ndikanapanda kuwerenga dzina la nyimboyo, sindikanaizindikira n'komwe.

Nyimbo imeneyi anaipeka Richard Rodgers ndi Lorenz Hart mu 1937, ndipo ndi ya munthu amene akuuza wokondedwa wake kuti asasinthe kanthu, pakuti amamukonda momwe alili. Nanga woyimba wanzeru angatenge bwanji nyimbo yopempha kuti munthu asasinthe, iye n'kuisintha mpaka yosadziwikanso? Amenewo si luso ayi, ndi kudzionetsera basi. Mwina kusukulu zoyimba amawaphunzitsa choncho, ine sizikundikhudza.

Asandiuze kuti jazz ndi ufulu, chifukwa zimenezo ndikuzidziwa bwino. Miles Davis, katswiri wa lipenga, anaijambula nyimbo yomweyi mu 1956, Red Garland ali pa piyano, ndipo anatseka kukamwa kwa lipenga lake kuti lizilira motsitsa ngati munthu wonong'ona, n'kumasiya mipata yachete kuti womvera apume ndi kukumbukira amene amamukonda. Chet Baker, yemwenso anali katswiri wa lipenga, anaiyimba ndi pakamwa mu 1954 mopanda chokometsera chilichonse. Davis ndi Baker onse anaiumba mwanjira yawo, koma nyimbo inatsala ili moyo. Mnyamata wa lipenga wa dzuloyu anafuna kutionetsa zonse zimene zala zake zimatha, tsono ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chikondi sachilankhula mofuula komanso mothamanga. Amene sangathe kugwira liwu limodzi kwa nthawi n'kulisiya lizilala lokha alibe chifukwa chokhudzira nyimbo yachikondi, akasake nyimbo zaliwiro, zilipo zambirimbiri.

Wa piyano uja ndiye anandinyansa koposa. M'malo moyala mphasa kuti mnzake akhalepo, ankangodzaza paliponse pamene lipenga lapumira, dzanja lamanzere kwake lamanja kwake, ngati kukhala chete kwa masekondi awiri ndi mlandu. Ndipo anthu n'kumaombera m'manja pakati pa nyimbo!